Changu ndi Zala za Nakaya

Changu anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo ake. Ankadya mwachangu. Ankasamba mwachangu. Ankalankhulanso mwachangu, mawu ena n'kumatsalira m'kamwa. Ngakhale kugona, bambo ake ankati mwanayu amagona mothamanga.

Changu sankadzikayikira ayi. Mukamufunsa ngati amatha kuthamanga, ankati amatha. Mukamufunsa ngati amatha kuimba, ankati amatha. Mukanamufunsa ngati amatha kuyendetsa ndege, ndikhulupirira akanangofunsa kumene kuli makiyi.

Koma sabata ina Changu anapatsidwa ntchito yovuta. Anafunika kupeza chinthu chimodzi chimene mnzake amachita bwino. Chimodzi chokha. Changu ankafunitsitsa kuchipeza.

Zinayamba Lolemba m'mawa. Aphunzitsi analowa m'kalasi atanyamula chitini. M'chitinimo munali timapepala. Pa kapepala kalikonse panali dzina la mwana mmodzi.

Aphunzitsi anati aliyense atole kapepala kamodzi. Anati aliyense amuyang'ane mnzakeyo sabata yonse. Lachisanu, aliyense adzaima kutsogolo. Adzanena chimene mnzakeyo amachita bwino. Kenako adzachilemba pa pepala lalikulu la pakhoma, pafupi ndi dzina lake.

"Aliyense ali ndi luso lake," anatero aphunzitsi. "Ntchito yanu ndi kuliona."

Changu anali woyamba kupisa dzanja m'chitini. Zimenezo ndiye zosachita kufunsa. Anatola kapepala. Anakatambasula. Panali dzina la mtsikana wokhala kumbuyo, pafupi ndi zenera.

Ana onse ankamutchula mtsikanayo kuti Nakaya. Ankamutchula choncho chifukwa cha yankho lake. Mukamufunsa ngati akufuna kusewera, ankati, "Kaya." Mukamufunsa mtundu umene amaukonda, ankati, "Kaya." Anali wamfupi. Anali wofatsa. Ankavala juzi ya mizeremizere, mkono wina wobiriwira, wina wachikasu.

Changu anadziguguda pachifuwa. Anauza anzake kuti iye safunika sabata yonse. Anati ntchitoyi ndi yosavuta ngati kumwa madzi. Anati aimaliza belu lopumira lisanalire kachiwiri.

Pa nthawi yopuma anathamangira kwa Nakaya. Anamufunsa mosazungulira.

"Iwe, umatha chiyani?"

"Kaya," anatero Nakaya.

Changu anafunsanso. Nakaya anayankhanso chimodzimodzi. Belu linalira. Kapepala ka Changu kanali kopanda kanthu.

Lachiwiri Changu anabwera ndi nzeru. Anati ngati Nakaya sakudziwa, ndiye amuyesa.

Anayamba ndi kuthamanga. Anajambula mzere pansi ndi phazi. Anawerenga mpaka katatu. Awiriwo ananyamuka. Changu anafika kumpanda wa sukulu. Anabwerako. Anapeza Nakaya akadali m'njira, akupuma wefuwefu.

"Kuthamanga ayi," anatero Changu. "Palibe vuto. Tiyesa china."

Anayesa kudumpha. Nakaya anadumpha pang'ono, ngati munthu wopewa kachithaphwi. Kudumpha ayi.

Anayesa kuponya mpira. Mpira unapita chammbali. Unakagwera m'maluwa a aphunzitsi aakulu. Kuponya ayi.

Anayesa kuimba. Nakaya anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. Changu anachita kuika khutu pafupi, koma sanamve kanthu. Kuimba ayi.

Changu sanagwe mphwayi. Anamugwira Nakaya paphewa. Anamuuza kuti asadandaule, mawa lilipo. Nakaya anangoyang'ana nsapato zake.

Lachitatu anayesa kujambula. Changu anati ajambule mphaka. Nakaya anajambula. Mnyamata wina wamkulu thupi anasuzumira. Ana ankamutchula Chimphona. Chimphona anafunsa ngati imeneyo ndi mbatata ya miyendo. Ana ena anaseka.

Anayesa masamu. Changu ankafunsa mwachangu. Nakaya ankawerenga zala pang'onopang'ono. Asanamalize, Changu anali atayankha kale yekha. Ankatero ulendo uliwonse.

Apa mtima wa Changu unatentha. Ana ena onse anali atalemba kale pa timapepala tawo. Kake kokha kanali koyera. Anaiwala kuti anzake akumva. Analankhula mokweza.

"Ndiye iwe palibe chimene umatha?"

Nakaya anatseka kope lake. Analiika m'chikwama. Sanalire ayi. Zikanakhala bwino akanalira, chifukwa nkhope yake inali yomvetsa chisoni kuposa misozi.

"Usavutike," anatero Nakaya motsitsa mawu. "Lachisanu sindibwera. Ndidzadwala."

Changu anamva kuwawa mumtima. Anaganiza za pepala lalikulu la pakhoma. Dzina lililonse lidzakhala ndi mawu ake. Dzina la Nakaya lokha lidzakhala lopanda kanthu. Mpando wakenso udzakhala wopanda munthu.

Tsiku limenelo Changu sanathamange popita kwawo. Anayenda. Anthu a m'njira anadabwa.

Bambo ake a Changu anali ometa tsitsi. Kanyumba kawo kometeramo kanali m'mbali mwa msewu. Munali galasi lalikulu. Munali mpando wozungulira. Munalinso benchi ya odikira, ya mwendo umodzi waufupi. Aliyense wokhalapo ankagwedezeka.

Changu anakhala pa benchipo. Anagwedezeka. Anafotokoza zonse. Anati wayesa kuthamanga, wayesa kudumpha, wayesa kuponya. Anati wayesa kuimba, wayesa kujambula, wayesa masamu. Anati Nakaya alibe luso, ndipo iye sanalakwe.

Bambo ake anazimitsa makina ometera. Anamuyang'ana kudzera pa galasi. Anafunsa kuti zinthu zonsezo amazitha bwino ndani. Changu anati ndi iye mwini.

"Ndiye wapeza luso la ndani?" anafunsa bambo ake.

Changu anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Zimenezi sizinkachitika kawirikawiri.

Bambo ake anayatsanso makina. Anati iwo sameta mitu yonse mofanana. Munthu akakhala pampando, amayamba amuyang'ana kaye. Amaona kumene tsitsi lake limagonera. Kenako m'pamene amameta. Mkulu amene ankametedwayo anavomereza ndi mutu. Bambo ake a Changu anamupempha kuti asagwedezenso mutuwo.

Changu anakumbukira mawu amene anamuuza Nakaya. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

Lachinayi Changu sanamuyese Nakaya. Anangomuyang'ana. Kunena zoona, ntchito imeneyi inamuvuta kuposa kuthamanga. Miyendo inkamuyabwa. Pakamwa pankamuyabwa. Koma anapirira.

Anaona kuti Nakaya salankhula zambiri. Anaona kuti Nakaya sathamangira pamzere. Anaonanso kuti zala za Nakaya sizikhala phee. Zinkagwira lamba wa chikwama. Zinkagwira mphepete mwa juzi. Zinkangoyendayenda ngati zikufuna chinachake.

Ataweruka, Changu anamudikira Nakaya pageti. Kupepesa sikunali m'gulu la zinthu zimene Changu ankazitha bwino. Koma anayesa.

"Dzulo ndinalakwa. Pepa."

Nakaya anamuyang'ana. Anagwedeza mutu pang'ono.

Changu anapempha kuti amuperekeze kwawo. Analonjeza kuti samuyesa chilichonse. Analonjezanso kuti ayenda pang'onopang'ono. Nakaya anati, "Kaya." Koma sanamukanize. Anadutsa pa kanyumba kometera kaja kukatsanzika. Bambo ake a Changu analola, n'kunena kuti abwere dzuwa lisanalowe.

Kwawo kwa Nakaya kunali kuseri kwa sitolo ya nsapato. Chipinda chinali chaching'ono. Koma inu, mitundu yake! Pa tebulo panali ulusi wofiira. Pa mpando panali ulusi wobiriwira. Pa zenera panali ulusi wachikasu. Pakona panali mulu wa majuzi akale.

Mayi ake a Nakaya anali oluka majuzi. Anali atakhala pafupi ndi khomo. Singano zawo ziwiri zinkalira kuti tiki tiki tiki. Anamulonjera Changu osasiya kuluka. Anamuuza kuti akhale paliponse pamene palibe singano.

Mayiwo sankagula ulusi watsopano nthawi zonse. Anthu ankawabweretsera majuzi akale. Majuzi othina. Majuzi obooka pa chigongono. Iwo ankawamasula. Ulusi womwewo ankalukira majuzi atsopano.

Koma womasulayo sanali iwo. Anali Nakaya.

Nakaya anaika chikwama pansi. Anasamba m'manja. Anatenga juzi imodzi pa mulu paja. Anaitembenuza. Anaiyang'ana m'khosi. Anaiyang'ana m'mikono. Zala zake zinayenda pang'onopang'ono m'mphepete. Kenako zinaima.

Anali atapeza nsonga ya ulusi. Anaikoka pang'ono. Ulusi unayamba kutuluka. Unatuluka, unatuluka, unatuluka. Nakaya ankaukulunga pa zala. Kampira ka ulusi kanayamba kukula. Juzi inayamba kuchepa. Ulusi sunaduke ngakhale kamodzi.

Changu anayang'ana kukamwa kuli yasa.

Kenako mayi aja anatulutsa chimulu cha ulusi pansi pa mpando. Mphaka wa oyandikana nawo anali atasewera nacho. Wofiira unalowa mu wobiriwira. Wobiriwira unalowa mu wachikasu. Panali mfundo pamwamba pa mfundo. Mayiwo anangochiika pamiyendo pa Nakaya, osanena kanthu, n'kupitiriza kuluka.

Changu anati zimenezo iye angathe. Mukumudziwa kale Changu. Anagwira ulusi wofiira. Anakoka. Mfundo inalimba. Anakokanso mwamphamvu. Mfundo inasanduka kamwala. Anakoka kachitatu. Ulusi unaduka kuti thu.

Nakaya anaseka. Aka kanali koyamba Changu kumumva akuseka.

"Osakoka," anatero Nakaya. "Mfundo ukaikoka imakwiya. Umayamba waipatsa mpata. Kenako umaona kumene ulusi unalowera. Umautulutsira komweko."

Nakaya sananene kuti kaya. Analankhula ngati mphunzitsi. Zala zake zinalowa m'chimulu muja. Zinafewetsa apa. Zinakweza apo. Zinadutsitsa ulusi pansi pa unzake. Wofiira unatuluka wokha. Wobiriwira unatuluka wokha. Wachikasu unatuluka wokha.

Changu anadumpha. Anatsala pang'ono kugwetsa tebulo.

"Ndalipeza! Luso lako ndi limeneli."

Nakaya anapukusa mutu. Anati limenelo si luso. Anati imeneyo ndi ntchito ya pakhomo chabe, ngati kusesa. Anati luso ndi loti anthu amaombera m'manja. Ndani angaombere m'manja munthu womasula mfundo? Anati Chimphona adzaseka.

Changu anati ngati ndi ntchito chabe, bwanji iye yamukanika? Changu anamupempha kuti mawa abwere. Anati zotsalazo amusiyire iye.

"Kaya," anatero Nakaya.

Changu anathamanga ulendo wonse wobwerera kwawo. Dzuwa linali lisanalowe. Mutu wake unali utayamba kale kugwira ntchito.

Lachisanu Changu anafika kusukulu molawirira. Anapeza aphunzitsi akumata pepala lalikulu pakhoma. Anawafunsa ngati pasukulupo pali chinthu chilichonse chopiringizana. Anati akufuna chopiringizana kwambiri, choti chinakanika aliyense.

Aphunzitsi anaganiza. Kenako anaseka. Anatsegula kabati. Anatulutsa bokosi lafumbi. M'bokosimo munali zingwe zodumphira zisanu, zazitali. Zinali zitapiringizana kuyambira chaka chatha. Aphunzitsi anati anayesapo kuzimasula, koma anatopa nazo. Anati ankaganiza zongozidula ndi sizasi.

Changu anapempha kuti asazidule. Anabisa bokosilo pansi pa desiki yake.

Belu linalira. Ana analowa. Anakhala pansi. Changu anatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Mpando wa pafupi ndi zenera unali wopanda munthu.

Aphunzitsi anayamba kuitana ana mmodzimmodzi. Wina anati mnzake amawerenga momveka bwino. Wina anati mnzake amaseketsa anthu. Wina anati Chimphona amanyamula madesiki awiri nthawi imodzi. Chimphona anatukumula chifuwa. Mawu onsewo ankalembedwa pakhoma.

Mtsikana wina anaima. Anati Changu amathamanga kuposa onse. Ana anaomba m'manja. Changu anathokoza. Anasangalala ndithu, koma pang'ono chabe. Maso ake anali pakhomo.

Mayina anatsala atatu. Anatsala awiri. Linatsala limodzi.

Kenako chitseko chinatseguka. Nakaya analowa atagwira pamimba. Kumbuyo kwake kunali mayi ake, singano zili m'chikwama. Mayiwo anapepesa chifukwa chochedwa. Anati mwanayu wadzuka akuti m'mimba mukupweteka. Koma chakudya cham'mawa wadya chonse, n'kupemphanso china. Ndiye amuperekeza okha. Anati adikira panja pang'ono, aone ngati matendawo ndi enieni.

Nakaya anakhala pampando wake. Anaweramitsa mutu.

Aphunzitsi anaitana Changu. Changu anapita kutsogolo atanyamula bokosi. Anaima mowongoka. Analankhula pang'onopang'ono, mawu onse n'kutuluka.

"Mnzanga amatha kumasula mfundo. Amamasula mfundo iliyonse."

Ana ena anaseka. Chimphona anaseka kwambiri. Anati kumasula mfundo ndiye aliyense amatha, ngakhale kamchemwali kake ka kumkaka.

Changu sanakwiye. Anali akuyembekezera zomwezo. Anakhuthula bokosi pa tebulo la aphunzitsi. Chimulu cha zingwe chinagwa kuti khu. Fumbi linakwera. Changu anauza Chimphona kuti abwere ayambe ndi iyeyo.

Chimphona anabwera akupinda mikono ya malaya. Anagwira uku. Anagwira uko. Anakoka. Zingwe zinalimba. Anaponda ndi phazi n'kukokanso. Zingwe zinalimbiratu. Thukuta linatuluka pamphumi. Anabwerera pampando wake osayang'ana munthu.

Mtsikana wodziwa masamu anayesa. Zinamukanika. Mnyamata woseketsa anthu anayesa. Anangodzimanga nazo mkono. Aphunzitsi anakweza manja. Anati iwo asawaitane, anagonja kale chaka chatha.

Tsopano palibe amene ankaseka.

Changu anayenda mpaka kumbuyo kwa kalasi. Anaima pafupi ndi Nakaya. Sanamukoke. Sanamufulumize. Anangotambasula dzanja n'kudikira. Kudikira kumeneko kunali kwautali.

Nakaya anayang'ana zingwe zija. Zala zake zinayamba kuyendayenda pa desiki. Kenako anaimirira.

Anafika pa tebulo. Sanagwire msanga. Anayang'ana kaye. Anatembenuza chimulucho. Anayang'ananso. Kenako zala zake zinalowa. Zinafewetsa apa. Zinakweza apo. Zinapeza nsonga imodzi. Zinaidutsitsa pansi. Zinaidutsitsa pamwamba. Zinaidutsitsanso pansi.

Ana akumbuyo anakwera pamabenchi kuti aone. Aphunzitsi sanawaletse.

Chingwe choyamba chinatuluka. Nakaya anachipereka kwa Changu.

"Chimodzi," anawerenga Changu.

Chachiwiri chinatuluka. Ana angapo anawerenga naye. Chachitatu chinatuluka. Kalasi yonse inawerenga. Panatsala ziwiri, zija anazilimbitsa Chimphona. Mfundo yake inali yaikulu ngati chibakera.

Nakaya anaipinda. Sinasunthe. Anaipindanso mbali ina. Sinasunthe. Changu analuma mlomo. Nakaya sanataye mtima. Anatembenuka n'kuyang'ana Chimphona. Anamupempha kuti abwere agwire mbali imodzi. Anamuuza kuti angogwira, asakoke.

Chimphona anabwera. Anagwira mwaulemu, ngati wagwira dzira. Nakaya analowetsa chala chaching'ono pakati pa mfundo. Anatsegula kampata. Kampatako kanakula. Nsonga inadutsa. Zingwe ziwiri zinagwa padera.

"Zisanu!" inafuula kalasi yonse.

Manja anaombedwa. Woyamba kuomba anali Chimphona. Ankaomba mwamphamvu, moti mawindo akanatha kusweka. Nakaya anayang'ana anzake onse. Sanayang'ane nsapato. Anamwetulira mpaka mano onse kuoneka.

Aphunzitsi anatenga cholembera. Anafuna kulemba okha pakhoma. Kenako anasintha maganizo. Anachipereka kwa Nakaya. Anamufunsa kuti pa dzina lake palembedwe chiyani.

Nakaya anaima chonyang'ama kuti afikire. Analemba pang'onopang'ono. Palibe anamufulumiza. Analemba kuti: Ndimamasula zimene zakanika ena.

Pa nthawi yopuma, zingwe zisanu zinazungulira pabwalo. Ana anadumpha mpaka fumbi koboo. Koma Nakaya anathamangira kwa mayi ake. Changu anamutsatira.

Mayiwo anali pa benchi pansi pa zenera la kalasi. Anali atamva zonse. Singano zawo zinali pamiyendo, zitangokhala. Nakaya anawafunsa ngati amadziwa kuti iye ali ndi luso.

Mayi ake anamukokera pafupi. Maso awo anali onyowa.

"Ndinkadziwa kalekale, mwanangu. Popanda zala zakozi, ine sindingaluke juzi ngakhale imodzi. Ndimayesa ukudziwa. Ndinaiwala kukuuza."

Anamukumbatira nthawi yaitali. Kenako anamufunsa za m'mimba muja. Nakaya anati mwapola. Mayi ake anati ankadziwanso zimenezo.

Changu anawayang'ana. Mtima wake unadzaza chimwemwe. Chinali chimwemwe chachikulu kuposa cha tsiku limene anapambana mpikisano wothamanga.

Ataweruka, anathamangira ku kanyumba kometera. Bambo ake anali akumeta mkulu wina wandevu zambiri. Changu anafotokoza zonse mu mpweya umodzi. Anafotokoza za bokosi. Anafotokoza za Chimphona. Anafotokoza zimene mayi ake a Nakaya ananena. Kenako anaima n'kugwira m'chiuno.

"Nanga inu, ababa? Palibe chimene munaiwala kundiuza?"

Bambo ake anazimitsa makina. Anatembenuka. Anagwada kuti nkhope zawo zifanane. Anati kuthamanga ndiye aliyense amakuona. Koma chilipo china.

"Iwe ukalakwa, umabwerera kukakonza. Ndipo mnzako ukamugwira dzanja, sumusiya panjira. Ine ndimanyadira zimenezo tsiku lililonse."

Changu anamva kutentha m'chifuwa. Anawakumbatira bambo ake m'khosi, osasamala za tsitsi limene linali pa malaya awo.

Kenako anawayang'ana bwinobwino, monga anaphunzirira.

"Inunso, ababa, ndinaiwala kukuuzani. Anthu amalowa muno nkhope zili zolimba. Amatuluka akuseka. Si makinawa amene amachita zimenezo. Ndi inu."

Bambo ake anafuna kuyankha. Koma anangotsokomola. Anati katsitsi kawalowa m'diso.

Mkulu wandevu uja anadikira, mbali imodzi ya mutu itametedwa, ina isanametedwe. Anati iye sakufulumira. Anati amalize kaye kupukuta maso onse awiri.